Mitundu Yaphonyana

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Wodi ya maso, mbali ya azimayi, bedi lapakati. Ndikulemba ndi cholembera chachikulu chija cha pa makatoni, kuseri kwa mapepala otaya a ku ntchito, chifukwa zilembo zing'onozing'ono sindikuziona. Mnzanga wodula mapepala wandibweretsera mtolo wonse, akuti, "Lembani mpaka mutope, awa alibenso ntchito." Kutsogolo kwake kuli kalendala imene mitundu yake inaphonyana. Ndinaikana ine ndemwe mwezi watha.

Ntchito yanga ndi imeneyo. Ndimayendetsa makina osindikizira, ndipo pepala lililonse la zithunzi limalandira inki kanayi: buluu, kufiira, chikasu, kuda. Mitundu inayiyo iyenera kugwera pamalo amodzi ndendende. Ikasiyana ngakhale ndi katsitsi, munthu wa pa chithunzi amatuluka ndi mlomo wachiwiri wofiira pambali, ndipo ife timati mitundu yaphonyana. Ndimaika kagalasi kokulitsira zinthu pa kamtanda kamene timasindikiza m'mphepete mwa pepala. Kamtandako kakakhala kamodzi, pitirizani. Tikakhala tiwiri, imitsani makina. Anzanga amanditcha Amayi Imitsani, ndipo sindidandaula.

Diso limene ndimagwirira ntchito yonseyi ndi lakumanja. Lakumanzere linalasidwa ndi waya ndili mwana, limangoona mithunzi ndi zinthu zikuluzikulu ngati zilembo izi. Tsopano lakumanjalo ndilo ladwala. Lachisanu ndinayamba kuona ziphaliwali popanda mvula, kenako timadontho takuda touluka. Dzulo katani yakuda inayamba kukokedwa kuchokera cha kumphuno. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, akuti kansalu kopyapyala ka kuseri kwa diso, kamene kamalandira kuwala, kang'ambika ndipo kakumatuka. Opaleshoni ndi mawa. Ndinafunsa kuti nanga zikakanika. Sanandinamize. Anati, "Nthawi zambiri zimatheka, amayi. Zikakanika, diso limenelo lizima."

Ndiye kuti zonse zili pa diso limodzi ili. Ndili ndi mantha, ndipo ndalemba kamodzi kuti ndisabwerezenso.

Lachiwiri, 7 Meyi

Osadya, osamwa chidzukire. Nesi wabwera ndi cholembera n'kujambula kamtanda pamwamba pa nsidze yanga yakumanja, kuti a ku opaleshoni asasokoneze maso. Ndinamufunsa ngati kawongoka. Anati, "Amayi, inu ndiye mutivuta."

Mwana wanga wapempha tchuthi cha m'mawa. Amagwira ntchito yolandira alendo pa hotela, ndipo ngakhale kuno wabwera atatchena ngati akukalandira nduna: siketi yosita, juzi yabuluu, mabatani onse m'malo mwake. Ndinamulera ndine. Komabe ndinamukonza kolala, poti dzanja linazolowera. Anati, "Amayi, kolala ili bwino." Ndinati ndikudziwa. Watenga magalasi anga kuti akawasunge kunyumba, akuti kuno asweka. Popanda iwo ndimangoona za pafupi ndi mphuno, koma masiku akubwerawa ndilibe nawo ntchito.

Akubwera ndi kabedi ka matayala.

Lachitatu, 8 Meyi

Akuti zayenda bwino. Amata pong'ambika, n'kuika thovu la mpweya m'kati mwa diso kuti lizikanikiza kansalu kaja mpaka kagwire. Thovu limakwera m'mwamba, ndiye kuti likanikize kuseri kwa diso ndiyenera kugona chafufumimba, nkhope pansi, tsiku lonse. Mutu uli pa pilo wobooka pakati amene amumangirira kumapeto kwa bedi. Pepala lili pa kampando pansi pa nkhope yanga.

Diso likulasa ngati muli mchenga. Ndasanza. Basi.

Lachinayi, 9 Meyi

Madontho othira m'diso ndikuwadziwira tizivindikiro ta mabotolo ake. A koyera ndi oteteza ku tizilombo, kanayi pa tsiku. A kapinki ndi ochepetsa kutupa, kanayinso. A kofiira ndi okulitsa kamwana ka diso, m'mawa ndi madzulo. Ndimaloledwa kudzuka pang'ono kupita kuchimbudzi, koma nditawerama ngati munthu wataya singano. Akachotsa thonje limene anandiphimba nalo, diso limangoona kuwala kosungunuka. Adokotala akuti ndi thovulo, ndisade nkhawa.

Anthu ndikuwadziwira nsapato. Nesi wam'mawa ali ndi zoyera zolira, wamadzulo amakoka chidendene. A bedi loyandikana ndi langa ali ndi masilipasi aakulu apinki, oti ngakhale diso langa lakumanzere limawaona. Ndi mayi wa ana atatu, ali ndi saluni. Mankhwala owongolera tsitsi anawagwera m'maso onse awiri. Lina lachita chilonda ndipo ndi lomanga, linalo akuti ndi lofiira, limangotuluka misozi. Pakamwa pokha ndi pamene sipanavulale.

"Amayi, mwagona?"

"Ndagona, asisi."

"Ayi, ndimangofunsa."

Lachisanu, 10 Meyi

Mphamvu ya madzi a m'diso yakwera kufika 34, pomwe siyenera kupitirira 21. Andionjezera mapiritsi amene akuchititsa zala dzanzi, ndipo tiyi akumveka ngati ndikunyambita msomali. Anandiuza kuti ndidzapita kunyumba Loweruka, koma zimenezo zafa. Adokotala akuti poti diso ndi limodzi, akufuna ndikhale pafupi mpaka mphamvuyo itsike.

Amuna awo a asisi a saluni awabweretsera tabuleti ya ana, ija yoonerapo zithunzi, kuti asamasowe chochita. Nesi atamva asisiwo akukuwa kuti tabuleti yawo yagwera pansi pa bedi, anabwera ndi piritsi lina ndi kapu ya madzi. M'wodi muno netiweki kulibe, ndipo m'tabuletimo muli filimu imodzi yokha, ya makatuni, ya anthu aja ovala zophimba kumaso amene amadumpha m'madenga kupulumutsa mzinda. Chilankhulo chake sitikuchimva tonse awiri. Ikatha amaiyambanso. Ine ndimangomva phokoso: belu la njinga, magalasi kusweka, ng'oma, kenako kanyimbo ka mluzu kamene kandilowa kale m'mutu.

Ndinati, "Asisi, munthu wamkulu ngati inu, makatuni?"

Anati, "Inu munabwera ndi katani, ine ndabwera ndi katuni. Aliyense asamale zake."

Ndinaseka mpaka diso linalasa.

Loweruka, 11 Meyi

Mphamvu ya m'diso 32. Yatsika, koma mwaulesi.

Poti sindingathawe, ndinawauza asisi kuti andifotokozere filimu yawoyo. Akuti ndi ya mtsikana woperekera katundu pa njinga. Mumzinda mwabwera chimunthu chovala zoyera chimene chimanyamula chofufutira chachikulu ngati matilesi, ndipo chikadutsa, msewu, nyumba, anthu, zonse zimafufutika. Dzina la mtsikanayo salimva bwino, ndiye anangomutcha Kabalalika, poti akuti akathamanga amabalalika. Ndinafunsa kuti munthu amabalalika bwanji. Anati, "Amangobalalika basi. Muyenera kudzaona nokha."

Nkhani yake amaisintha mmene afunira. M'mawa chimunthucho chinali amalume a mtsikanayo, pofika masana chinali chitasanduka eni nyumba.

"Nanga ngati simukumva zomwe akunena, mumaoneramo chiyani?"

"Kukongola, amayi. Chilichonse chimaoneka pawiri, chofiira uku, chabuluu uku. Nkhope zonse ndi timadontho tokhatokha. Chibadwire sindinaonepo zotere."

Ndawamvera chisoni. Munthu akuona pawiri ndi timadontho, ndiye akuyesa kukongola. Mankhwala aja anawononga kuposa mmene akudziwira, ndipo si ine woti ndiwauze.

Lamulungu, 12 Meyi

Tsiku la alendo ambiri, wodi yadzaza nsapato. Mwana wanga wabweretsa mpunga ndi nkhuku, nthochi, ndi kapaipi komwera tiyi nditawerama. Anakhala pansi penipeni, pa simenti, ndi siketi yake yosita, kuti nkhope yake ikhale pansi pa yanga. Diso lakumanzere linangondipatsa chinthu chozungulira chokhala ndi buluu m'munsi. Ndinamuuza kuti adzuke, adetsa siketi. Anakana.

Anati, "Mukadzatsegula, mukufuna kudzayamba kuona chiyani?"

Ndinati, "Ngati wasita bwino."

Koma yankho lenileni akulidziwa. Nkhope yake ndinaiona komaliza theka lokha, theka linalo lili kuseri kwa katani.

Mnzanga wodula mapepala anabweranso, atanyamula malalanje. Akuti makina anga akuyendetsa munthu wina wongogwirizira, ndipo sabata yonse palibe amene wakuwa kuti imitsani. Ankafuna kundiseketsa, ndipo ndinaseka. Atapita ndinayamba kudziona ndili m'nyumba ya mwana wanga, ndikupapasa khoma, iye akunditsogolera kubafa asanapite ku ntchito. Asisi anamva kuti ndikusisima. Anangokweza kanyimbo ka mluzu kaja.

Lolemba, 13 Meyi

Lero 24. Adokotala akondwa. Atachotsa thonje nditakhala tsonga, ndinaona mzere wopingasa pamwamba penipeni, ukugwedezeka ngati madzi m'beseni lonyamulidwa. Pamwamba pa mzerewo panali kuwala koyera bwino. Akuti thovu layamba kuchepa, mzere uzitsika pang'onopang'ono, ndipo dziko lizibwerera kuyambira kumwamba.

Andiuza zoti ndiziyang'anira, ndipo ndikuzilemba monga ananenera. Katani ikabweranso. Timadontho tambiri tikabwera mwadzidzidzi. Zinthu zikayamba kuoneka zopotoka. Zikayamba kuoneka pawiri. "Mukaona chimodzi mwa izi, itanani nthawi yomweyo, amayi. Kansalu kaja kakhoza kumatukanso, ndipo kachiwiri kamavuta kuposa koyamba."

Nesi wamadzulo wayamba kuimba mluzu wa m'filimu uja akamagawa mankhwala. Akukana kuti si iye.

Lachiwiri, 14 Meyi

19. Mapiritsi a dzanzi andisiyitsa. Kugona chafufumimba kwatha, tsopano ndizigonera kumanzere, chagada pokha ayi. Khosi lauma gwa. Asisi anandisisita ndi zala zawo za mu saluni, kenako n'kundiluka tsitsi osandifunsa. Akuti ndinkaoneka ngati tsache.

Chilonda chawo chikupola, koma chisiya chipsera pakati pa diso, ndipo linalo likadali lofiira. Akundiluka anati, "Mumandiseka ndi makatuni anga. Tsiku limene mankhwala anandigwera ndinaona mdima wokhawokha, ndinati basi, kwanga kwatha. Ndiye mmene diso ili latsegukamu, ndati lidye mitundu mpaka likhute. Likafuna kuzima, lizime litadya."

Lero sindinawaseke.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndilemba mwadongosolo.

M'mawa 17. Mzere watsika kupitirira pakati. Adokotala anati masana akandithira madontho, thonje lisabwererenso, diso liyambe kuzolowera. Ndinakonza zoti ndikhale chotsinzina mpaka mwana wanga atafika madzulo, adzawerame pafupi, ndiye nditsegule. Ndinalakwa kuwauza asisi kuti thonje lachoka. Ndisanamalize n'komwe, anali atakhala kale pabedi panga.

"Yesani apa kaye, amayi, tione ngati likugwira. Ndaimitsa pabwino."

Ndinamva kuwala pa chikope, pafupi. Ndinatsegula.

Ndinaona. Pamwamba pa mzere wa thovu zonse zinali zakuthwa, koyamba chichokere ku opaleshoni. Mtsikana ataima m'mphepete mwa denga, chophimba kumaso, njinga ili pambali. Kenako ndinayang'anitsitsa monga ndimachitira pa makina. Kufiira kwa jekete yake kunali kutatuluka kunja kwa mzere wakuda, cha kumanja. Buluu anali atatsalira kumanzere. Chibwano chinali ndi chinzake chachikasu m'munsi. Tsaya lonse timadontho, tikulutikulu, tosakhudzana. Nyumba za kumbuyo zinali zopotoka.

Mitundu yaphonyana. Pawiri, timadontho, kupotoka: pa zimene adokotala ananena, yatsala katani yokha. Filimu yopangidwa ndi akatswiri singatuluke chonchi, palibe amene angailole. Chithunzi chikakhala chabwino koma pa pepala n'kutuluka chophonyana, vuto limakhala m'makina. Makina ake pano ndi diso langa.

Ndinatsinzina, n'kupempha nesi kuti abwezeretse thonje. Asisi anati, "Mwaona kukongola?" Ndinati ndaona, koma kuwala kukundilasa. Zimene ndinaonazo ndi zomwe asisi ananena Loweruka zija ndendende. Ndinkawamvera chisoni, lero ndafanana nawo.

Mwana wanga anabwera ndi yogati. Anafunsa za thonje, ndinamuuza bodza lomwelo. Ndikudziwa kuti adokotala anati nthawi yomweyo. Koma ndikanatsegula, ndikanamuona ali ndi milomo iwiri, ndipo zimenezo sindikanatha. Ndikanaitana nesi iye ali pompo, akanalira mpaka kunyumba. Ndinafuna madzulo amodzi oti azindiuza za alendo ake ovuta, ine ndizingomva. Wandiuza za bambo wina amene anakana chipinda chifukwa pilo anali wofewa kwambiri.

Ndinena mawa. Makina a anthu ndimaimitsa osazengereza, anga ndikulephera.

Lachinayi, 16 Meyi

Lero ndachita manyazi oti sindidzawaiwala, komanso sindinakondwepo chonchi. Ndiyambe poyambira.

Kutacha ndinamuuza nesi. Sanataye nthawi. Anandilanda tiyi m'manja, poti mwina ndibwerera ku opaleshoni, anaitana adokotala, n'kuimbira mwana wanga kuti abwere msanga. Adokotala anafika akupumira m'mwamba. Atamva kuti zinayamba dzulo masana, mawu awo ofatsa aja anasowa.

"Ndinati chiyani Lolemba, amayi?"

"Munati nthawi yomweyo."

"Ndiye mwagona nazo? Diso limodzi?"

Anavala nyali yawo ya pamutu, n'kuyamba: yang'anani kumwamba, kumanja, pansi, kumanzere. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kubwerezanso.

"Kansalu kagona bwinobwino. Pong'ambika paja pagwira. Sindikuona cholakwika chilichonse." Anadikira kuti kuthobwa kwa nyali kuthe, n'kubweretsa dzanja pafupi ndi mphuno yanga. "Zala zingati?"

Chinali chimodzi. Chopanda chinzake chofiira pambali, chopanda timadontho. Chala wamba, chokhala ndi chikhadabo chodulidwa mokhota.

"Chimodzi, adokotala. Koma dzulo zinaphonyana, ndikulumbira. Kufiira kunapita kumanja, buluu kumanzere."

"Munkayang'ana chiyani?"

"Katuni ya asisiwa."

Kenako bedi loyandikana linayamba kugwedezeka. Asisi anaseka mpaka nesi anawagwira kuti asagwe, misozi ikutsuka madontho amene anali atangowathira.

"Amayi inu! Filimuyo ndi yotero! Anaijambula choncho! Si ndinakuuzani ine kuti zimaoneka pawiri?"

"Ndinkayesa ndi diso lanu, asisi."

"Diso langa? Ndiye masiku onsewa mumandimvera chisoni ine?"

Adokotala anatenga tabuleti, anayang'ana, n'kudziluma mlomo kuti asaseke. Anati nawonso akuona pawiri, pomwe maso awo alibe vuto. Anaibweretsa pafupi ndi ine, pa chithunzi cha padenga chomwe chija. "Timadontho ta pa tsayapa mukutiona paderapadera?" Ndinati ndingathe kutiwerenga. Anati, "Ndiye kuti pakati pa diso, pamene tinkadera napo nkhawa kwambiri, pakugwira ntchito. Mwadziyeza nokha, kungoti zotsatira mwaziwerenga mozondoka." Anandikalipiranso za kugona nazo, ndipo ndavomera, anali ndi chifukwa. Za kubwerera ku ntchito pa kagalasi kanga akuti tidikire thovu lithe, mwina mizere yowongoka izioneka yokhota pang'ono mpaka kalekale. Zimenezo ndidzaziona zikadzafika.

Nesi anandibwezera tiyi wanga atazizira. Anayesa kuimbiranso mwana wanga kuti asathamange, koma foni sinkayankhidwa, ndipo iye amakhala kutsidya lina la mzinda. Ndiye podikira, asisi anakwera pabedi panga, tinatsamiritsa tabuleti pa pilo pafupi ndi nkhope yanga, n'kuiyamba pachiyambi.

Ndilembe za filimuyi, poti ndinainyoza ndisanaione.

Anthu amene anaipanga amadziwa makina. Si kuti mitundu inawapulumuka. Mtsikanayo akakhala phee, kufiira kwake kumangosuzumira pang'ono kunja kwa mzere. Akachita mantha, monga padenga paja, kumatuluka kwambiri. Akathamanga ndiye amabalalikadi: kufiira kumatsogola, buluu amatsalira m'mbuyo, chikasu chimadumphira padenga la basi, mzere wakuda uli pakati ukupalasa njinga wopanda kanthu m'kati, kenako pa kona zonse zimakumananso, phaa! Kumwamba ndi timadontho tabuluu timene timatupa dzuwa likamalowa. Mvula ikagwa, inki ya zikwangwani imayenderera m'makoma mpaka m'ngalande. Chimunthu chija chikafufuta msewu, pamatsala pepala loyera lenileni, ulusi wake ukuoneka, tinyenyeswa ta chofufutira tili mbwee. Zonse zimene ndakhala ndikuthamangitsa m'makina mwanga, inki yoyenderera, madontho otupa, mitundu yothawana, awa anazisonkhanitsa n'kuzivinitsa.

Ndipo kuphonyanitsa dala n'kovuta kuposa kukumanitsa. Ine ndimangofuna malo amodzi olondola, ndikawapeza ndathana nazo. Awa pa chithunzi chilichonse anachita kusankha kuti kufiira kuthawire kuti, mpaka pati, kuti woonera amve mantha a mtsikanayo m'mimba mwake asanamve liwu lililonse. N'chifukwa chake asisi chilankhulo alibe nacho ntchito.

Chakumapeto, chimunthucho chimamupanikiza mtsikanayo pakhoma n'kuyamba kumufufuta. Chimatsata mzere wakuda, monga aliyense wodziwa ntchito angachitire, mpaka mzere wonse kutha. Koma iye sanakhalepo m'kati mwa mzere. Kufiira kuli apo, buluu ali apo, chikasu chili uko, ndipo zitatuzo zimadzuka n'kuchizungulira. Asisi anakuwa ngati akuona koyamba, ine ndinawafinya dzanja mpaka anadandaula.

Pamenepo ndinati, "Imitsani!" Asisi anadzidzimuka, kuyesa diso layambanso. Ayi. Pa kona ya pamwamba, m'mphepete penipeni mwa chithunzi, panali kamtanda kathu, kakang'ono ngati nyerere. Tinabwerera m'mbuyo, ndipo kali pamenepo filimu yonse. Mzinda wonse ukuphonyana, iko kali kamodzi, kakuda, kakuthwa. Asisi aonera filimuyi kosawerengeka koma anali asanakaonepo. Ine ndinamva ngati munthu wa ntchito yanga wandikodola ali kutali, kundiuza kuti tikudziwa, amayi, tachita dala.

Za mwana wanga ndasungira pomaliza.

Ndinamva nsapato zikuthamanga m'khonde, ndipo sindinazizindikire, poti iye sathamanga. Anafika pabedi akupuma wefuwefu. "Amayi, akutengani nthawi yanji? Foni ndaiiwala patebulo. Amayi, thonje lili kuti?"

Ndinati, "Werama. Yandikira. Yandikiranso."

Nkhope inatuluka mu nkhungu pang'onopang'ono mpaka inafika pamene diso langa limagwira. Inali imodzi. Maso awiri otupa, mphuno ya bambo ake, kachipsera ka pa chibwano kamene anagwa nako pa masitepe ali wamng'ono, mlomo umodzi. Ndinayang'ana mpaka ndinakhuta. Asisi anali kumbuyoku akumufotokozera nkhani yonse mothira mchere, iye akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Kenako diso linatsikira pa juzi. Anaivala akuthamanga. Batani loyamba linalowa pa bowo lachiwiri, otsatira onse n'kuphonyana mpaka pansi, kolala mbali imodzi ili m'khutu. Wadutsa nayo mzinda wonse choncho, m'mabasi, anthu akumuona, mwana amene sanatulukepo pakhomo ulusi ukulendewera.

Dzanja langa linanyamuka lokha. Linafika pa batani loyamba lija, n'kuima.

Anati, "Chavuta n'chiyani, amayi? Mukuonanso pawiri?"

Ndinati, "Ayi, mwana wanga. Ndikuona bwinobwino. Khala choncho."